Mmene Ndinagwetsera Azakhali

Buku lija amayi analipeza m'thumba la chikhoti. Ankagulitsa salaula ku City Market, zovala zakale zobwera m'mabelo, ndipo akatsegula belo ankayamba apisa m'matumba monse asanayale malonda. Ankapezamo mipango, mabatani, nthawi zina kandalama ka dziko losadziwika. Tsiku limenelo anapeza buku lonenepa la Chingerezi, lopindika m'makona, masamba ena atathimbirira ndi khofi wa amene analiiwala. Analikuta ndi pepala la khaki n'kundibweretsera Loweruka pa geti la azakhali ku Kabulonga. M'kati sanalowe. Amayi sankalowa m'nyumba imeneyo, ndipo panalibe amene ankawaumiriza kuti alowe.

Azakhaliwo ndi mlongo wawo wa malemu bambo anga. Bambo anamwalira ndili chaka choyamba ku sekondale, ndipo pa maliro, m'kafulati kathu ka pamwamba ku Kabwata, azakhali analengeza kuti mwana wa mlongo wawo sangakulire m'fumbi la salaula, amutenga akamuphunzitse. Anthu anawayamika. Koma kuseri, kumene azimayi ankatsuka mbale, azakhali omwewo anali atanena kale mawu ena, mokweza ndithu kuti akafike kumene ankawatuma: akuti mlongo wawo sanafe imfa ya Mulungu, anachita kudyedwa ndi mkazi wake. Amayi anamva. Anangomeza, chifukwa anali ndi ana ena awiri ang'onoang'ono ndi tebulo limodzi la ku msika.

Sukulu azakhali anandipatsadi, yabwino, ya mabuku ambiri ndi aphunzitsi olowa m'kalasi pa nthawi yake. Ndinkaikonda sukulu imeneyo kuposa chilichonse, ndipo ndinkakhoza. Koma mwezi umene ndinafika ku Kabulonga, mayi amene ankagwira ntchito m'nyumbamo anachotsedwa, ndipo sanalembenso wina. Masamu amenewo sanafunike mphunzitsi. Ndinkachapa, kusita, kukolopa, kuthirira kapinga, n'kumagona m'kachipinda kositiramo zovala. Alendo akafunsa, azakhali ankati, "Uyu ni dipendanti wathu," mmene munthu amaonetsera firiji yatsopano. Anali ndi mwana wamkazi wamsinkhu wanga. Kwathu ku Katete asuweni amatukwanana n'kumaseka, koma chisuweni chimenecho chinkathera pa geti. Ndinamuseka kamodzi kokha za mapazi ake aakulu, ndipo tsiku limenelo ndinagona ndi njala.

Bukulo linkanena za dziko limene mvula inaleka kugwa. Madzi onse otsala anali m'manja mwa anthu ochepa okhala m'kati mwa mpanda wautali, ndipo ena onse ankakhala kunja, kumanyambita milomo yong'aluka. Chaka ndi chaka a m'katiwo ankatuluka kukasankha ana a kunja oti azikawatumikira. Mwana wosankhidwa ankamudinda chizindikiro pa dzanja ndi chitsulo chamoto, ndipo makolo ake ankayenera kuthokoza. Nkhani yonse inali ya mtsikana mmodzi wotengedwa motero, wakuda, wouma thupi, wamwano wobisa, amene ankasenza madzi tsiku lonse koma iye n'kumapatsidwa kakapu kamodzi.

Ndinkaliwerenga nyemba zili pamoto, ndinkaliwerenga m'chimbudzi, ndinkaliwerenga nditaimirira pa kapinga, dzanja lina litagwira paipi. Anzanga ku sukulu ankati mabuku otere amanena zoopsa za m'tsogolo. Ine tsogolo sindinalionemo. Ku Kabwata mpope unkatulutsa madzi ukafuna wokha, amayi n'kumakwera masitepe ndi zigubu, pamene ine kuno ndinkamwetsa udzu mpaka kuchita matope. Mayi wolamulira mpanda uja ndinamupatsa nkhope ya azakhali, mawu awo, ngakhale kayendedwe kawo. Kumapeto kwa nkhani mtsikana uja anatsegula damu lonse, madzi n'kusesa nyumba za m'kati, iye ataima pamwamba kumangoyang'ana, osaponyera munthu ndi mmodzi yemwe chingwe. Tsamba limenelo ndinaliwerenga mpaka linathothoka. Linkandikomera, ndipo sindinkachita nalo manyazi.

Ndili chaka chomaliza, mayeso atayandikira, filimu yake inafika mu Lusaka. Ana a ku sukulu anapenga nayo. Msuweni wanga, amene buku lililonse linkamugoneka pa tsamba lachiwiri, anasanduka katswiri wa nkhaniyo filimu asanaione n'komwe. Ankadzijambula chizindikiro chija pa dzanja ndi cholembera chakuda chosafufutika, chikayamba kuzimirira n'kuchibwerezanso. Ana a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, otsitsidwa pa galimoto m'mawa uliwonse, ankaonetsana zizindikiro za akapolo monyadira pa nthawi yopuma. Ine ndinkangowayang'ana, manja anga othetheka ndi sopo ndili nawo m'matumba.

Kokaonera filimuko sanandiwerengere. Zinangochitika kuti mnzake wa msuweni anadwala matikiti atagulidwa kale, ndipo azakhali sankakonda kuwononga.

"Samba, uvale vabwino," anatero. "Usatichitise nsoni."

Kanali koyamba kulowa m'nyumba ya kanema. Kuzizira kwake, mipando yomira, fungo la mbuliwuli, zonsezo zinandisangalatsa mpaka pamene mtsikana uja anaonekera. Anali atamuchapa. Khungu loyera, tsitsi louluka, milomo yonyowa ngati wangodya kumene mango. Ameneyo ludzu sankalidziwa. Anamupezeranso anyamata awiri oti azimulimbirana, mmodzi mwana wa mayi wolamulira uja, ndipo theka la filimu linathera pa kuyang'anana m'maso. Antchito ena a m'kati, amene m'buku aliyense anali ndi kwawo ndi mkwiyo wake, apa ankangodutsa kumbuyo atanyamula mathireyi. Chimene chinandiwawa kwambiri ndi mapeto. Damu sanatsegule lonse. Anatsegula kachitseko kakang'ono, madzi n'kuyenderera mwaulemu kupita kunja, nyumba za m'kati osanyowa ngakhale khonde, kenako anakhululukira mayi uja n'kumugwira dzanja. Ndinamva kuti andibera. Mpaka lero ndimati filimu imeneyo anaipanga kuti a m'kati azituluka akudzimva kuti ndi anthu abwino, ndipo umboni wake unakhala mpando woyandikana ndi wanga: azakhali analira mpaka kundipempha mpango.

M'galimoto pobwerera, msuweni anali pamwamba.

"Mami, ine nili monga uja mutsikana," anatero. "Sembe nenze kuja, sembe nabamenya bonse."

"Bantu baja ni boipa mitima," anayankha azakhali akupukutabe mphuno. "Kumumana mwana manzi shuwa? Mwana wa munzako ni wako."

Ananena zimenezi tikukhotera pa geti. Analiza hutala. Pamwamba pa mpanda panali mawaya a magetsi, mlonda wachikulire ankathamanga chotsimphina kudzatsegula, ndipo kuseri kwake kachitsulo kothirira kapinga kankazungulira kokha, kumamwaza madzi pa udzu. Ndinayesa kudzigwira, koma chiseko chinandipulumuka.

"Useka chani iwe?" anafunsa azakhali.

"Palibe, ba anti."

"Kamba."

"Ba anti, mu filimu muja, imwe ndimwe ba mukati."

Galimoto inaima pakati pa geti. Msuweni anatembenuka n'kundifunsa kuti nanga ine ndine ndani, ndipo ndinamuuza kuti ine ndine uja wa thireyi. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga sunachedwe.

Azakhali sankamenya munthu. Anali mtsogoleri wa amayi ku mpingo wawo wa chipentekoste ku Woodlands, ndipo anali ndi njira zoyera zolangira. Patapita masiku ochepa ndinabwera ku sukulu n'kupeza kachipinda kanga atakatembenuza, buku langa lili pa tebulo la ku balaza, ndipo abusa, amene onse ankawatcha ba Papa, atakhala kutsogolo kwake ndi kapu ya tiyi. Analitsegula pakati ngati akufuna vesi, n'kugwera pa tsamba lodinda ana. Sanafunenso kuwerenga zambiri. Anati chimenechi ndi chizindikiro cha chilombo, mabuku otere amalembedwa pansi pa nyanja n'kutumizidwa kuno kudzalowetsa ana m'zausatana, n'chifukwa chake mwana wosungidwa bwino amayamba kuyankha amene akumudyetsa.

"Namvela ati bapanga na filimu yake," anawonjezera. "Kholo lamene lipeleka mwana kuja, lamupeleka lokha pa guwa la Satana."

"Ameni," anatero azakhali, osaphethira n'komwe.

Msuweni anali ataima pa khomo, wotchi yaikulu itaphimba dzanja. Azakhali anandituma ine ndemwe kukatenga mbaula ndi parafini. Linavuta kupsa, buku lonenepa silipsa msanga, ndipo abusa ankalitakasa ndi ndodo uku akupemphera m'malilime. Msuweni anaseka pamene pepala la khaki linafutukuka n'kuuluka. Sindinalire. Ndinkayang'ana azakhali kudutsa mu utsiwo, ndipo ndinawada ndi mtima wanga wonse.

Lachitatu masana ananditengera ku tchalitchi kukandimasula. Amene sanaonepo kumasula kwa kumeneko adziwe kuti kuli ndi dongosolo lake. Umaimirira kutsogolo, abusa amakuika dzanja pa chipumi n'kumakankha, akukuwa kuti choka, choka. Kumbuyo kwako kumaima azibambo awiri oti akuwakhe, ndipo pambali pamakhala amayi atanyamula nsalu zoti akufunditse miyendo ukagwa. Ukakana kuti ulibe chiwanda, ndiye kuti chiwandacho ndi chimene chikulankhula. Ukakwiya, chikupsa. Ukakhala chete, chabisala. Ukalira, chikutuluka koma sichinathe. Khomo lotulukira ndi limodzi lokha, kugwa. Ine ndi liuma langa ndinaima nthawi yaitali, khosi likuwawa, malovu a abusa akundigwera kumaso, mpaka ndinazindikira kuti anthuwa angathe kufika nane mawa. Ndinafewetsa mawondo n'kugwa. Anandifunditsa nsalu yonunkha thukuta la anthu ena, ndipo azakhali anakweza manja kumwamba.

Abusa anati ntchito sinathe. Womasulidwa amayenera kuchitira umboni Lamulungu pamaso pa mpingo wonse, ndi kutchula munthu amene anamutsegulira khomo la mdima. Wotchulidwayo amaitanidwa kutsogolo nthawi yomweyo kuti naye amasulidwe, ndipo sakana, popeza kukana kwake ndiko umboni.

Azakhali ankadziwa bwino amene anandipatsa buku, sindinabisepo. Anandipeza kukhitchini ndikusenda mbatata, n'kutseka chitseko.

"Pa Sondo uzakamba kuti ni bamai bako banakupasa," anatero motsitsa mawu. "Uzakamba kuti si poyamba. Na va batate bako uzakamba, kuti unayamba kubalota kuchokela pamene banafa. Bamai bako nabaitana, bazabwela."

"Ngati sinikamba?"

"Mayeso ukalembele ku City Market."

Zaka zimenezo mawu akuti usatana sanali nthabwala mu Lusaka. Mayi wa pa msika akangotchulidwa choncho, anthu ankaleka kugula pa tebulo lake, ankaopa ngakhale kulandira chenji m'manja mwake, ndipo tsiku loipa anyamata ankatha kubwera ndi miyala. Mpingo wa azakhali unali ndi anthu a mbali zonse za tauni, ena mwa iwo ogulitsa mumsika momwemo. Zimene azakhali ananena kuseri pa maliro a bambo, tsopano ankafuna zinenedwe pa maikolofoni, ndi pakamwa pa mwana wa mayi yemweyo. Mbali inayi kunali sukulu yanga, zaka zonse zimene ndinachapa ndi kukolopa, ndi mayeso amene ndinkadziwa kuti ndikhoza bwino. Foni ndinalibe, ndipo pa geti anauza mlonda kuti ndisatuluke. Masiku otsalawo ndinkasita zovala uku ndikutembenuza nkhaniyo m'mutu. Ndinasita ndi suti yoyera imene azakhali anasankha kuti adzavale tsikulo, ndipo ndinaisita bwino kwambiri.

Lamulungu tchalitchi inadzaza. Azakhali anakhala mzere woyamba, suti yoyera yothina, chipewa chachikulu, nsapato za gogoda, amuna awo mbali ina, msuweni mbali ina. Amayi ndinawaona kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, atavala chitenje mpaka m'mapazi, manja atawapinda pa chifuwa. Iwo ndi a mpingo wakale wa makolo athu, woimba nyimbo za m'buku, ndipo phokoso la magitala linkawachititsa kuphethiraphethira. Anandiyang'ana n'kugwedeza mutu pang'ono. Sindinamvetse chimene ankatanthauza.

Abusa analalikira za misampha ya masiku otsiriza, anafotokoza za buku limene anawotcha, anachenjeza kuti filimu yake ndiyo yoipa koposa, kenako anandiitana. Mapemphero a kumeneko ankachitika m'Chingerezi, wina n'kumamasulira, koma ine ndinasankha Chinyanja cha mumsewu kuti pasakhale munthu woti sanamve. Ndinayamba mmene amakondera. Ndinati ndinali womangidwa, ndinali wamwano, ndinkaona amene akundisunga ngati adani. Mpingo unkavomera ndi ameni pa chiganizo chilichonse.

"Buku ija inachokela kuti?" anafunsa abusa.

"Inabwela mu belo, ba Papa. Kuchokela kuseli kwa nyanja."

Anthu anabuula mokhutira, chifukwa zinagwirizana ndi zimene abusa anali atangonena. Ndinaona azakhali akusuntha pa mpando, akundikodola ndi maso kuti ndipitirize kufika pa dzina. Sindinawapatse mpata abusa wofunsa za manja amene anatsegula belolo.

"Koma ba Papa, buku inali mau chabe," ndinatero. "Imwe munakamba kuti choipa maningi ni filimu. Ine filimu ninaiona."

Abusa anandiyandikira, nkhope ikuwala ngati mlenje amene wapeza nyama yaikulu kuposa imene amatsata, ndipo anafunsa funso lija limene amafunsa aliyense.

"Ni ndani anakupeleka, mwana wanga? Osayopa. Mutomole."

"Ni ba anti. Ndiye banagula matikiti, ndiye banayendesa motoka. Banankala pafupi na ine, banalila misozi, banakamba ati ni filimu yabwino. Na mwana wabo ali nacho chizindikilo pa kwanja. Muchoseni nkoloko muone."

Sindinawonjezere kanthu, sindinanamepo ngakhale liwu limodzi, ndipo chimenecho chimandikomerabe. Mayi wina wothandizira mu tchalitchi anafika pa msuweni asanaganize zobisa dzanja, anakankhira wotchi m'mwamba, n'kukweza dzanjalo kuti onse aone. Chinalipo, chakuda bii, chobwerezedwa kumene. Phokoso limene linabuka sindinalimvenso kwina. Ena ankapemphera mokuwa, ena anakwera pa mipando kuti aone bwino.

Azakhali anaimirira. Akanakhala chete mwina abusa akanapeza njira yowapulumutsira, chifukwa chopereka cha nyumba imeneyo sichinali chaching'ono. Koma mkwiyo unawalanda nzeru.

"Uyu mwana ni njoka," anakuwa. "Ni filimu chabe, ba Papa. Bana bonse baiona. Ni filimu chabe."

Mawu oipa kuposa amenewo panalibe oti n'kunena pamalo pamenepo. Abusa anali atangolalikira kumene kuti si filimu chabe, mpingo wonse unali utavomera, ndipo sakanabweza mawu awo anthu akuona. Komanso amayi a m'bungwe la azakhali lomwe, amene iwo ankawadzudzula za masiketi afupi ndi ana osamvera, anali ataimirira kale. Mmodzi anakuwa kuti si azakhali akulankhula, ndi chiwanda. Ena anavomera. Azibambo awiri aja anapita kukaima kumbuyo kwawo.

Msuweni anagwa msanga, dzanja la abusa lisanamukhudze bwinobwino. Anali wanzeru kuposa mmene ndinkamuganizira. Azakhali anaima. Anaima ngati mmene ndinaimira ine, ndi liuma lomwelo, pajatu ndi magazi amodzi. Abusa ankakankha chipumi, iwo n'kumabweza khosi. Anati alibe chiwanda, mpingo unati chalankhula. Anakalipa kuti awasiye, mpingo unati chikupsa. Anayang'ana amuna awo, amuna awo ankayang'ana nsapato zawo. Thukuta linasungunula zodzola za kumaso n'kutsikira pa kolala yoyera ija. Ine ndinali ndikadali kutsogolo komweko, maikolofoni ili m'manja, palibe amene anakumbukira kundilanda. Kenako azakhali anandiyang'ana, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti afika pamene ndinafika ine Lachitatu, pozindikira kuti khomo ndi limodzi. Sindinayang'ane kumbali. Ndinafuna kuti nkhope yomaliza kuiona ali chiimire ikhale yanga.

Anagwa moipa. Munthu wovala gogoda sagwa mwaulemu, ndipo azibambo aja anawawakha mochedwa. Chipewa chinagubuduka mpaka pansi pa guwa, siketi yothina ija inakwera, nsapato imodzi inavuka. Mayi amene ananyamula nsalu tsikulo anali mmodzi wa odzudzulidwa aja, ndipo sanathamange. Anayamba waikutumula, n'kuitembenuza kufuna mbali yabwino, anthu a mzere woyamba akuona zonse zimene ankafuna kuona. Ndinamva kukoma kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anthu amati kubwezera kumasiya kuwawa m'kamwa, koma ine ndadikira zaka zonsezi ndipo kuwawako sikunafike.

Pofika masana katundu wanga anali kunja kwa geti, m'chikwama chimodzi cha pulasitiki. Mabuku a sukulu ndi yunifolomu sanaikemo. Mlonda anandipatsira pa kazenera ka geti, osandiyang'ana, ndipo sindinamuimbe mlandu. Mayeso a chaka chimenecho sindinalembe. Ndinadzalemba patapita nthawi, ndikuthandiza amayi pa tebulo masana n'kumaphunzira ndekha, ndipo ndinakhoza mongokwanira. Maphunziro amene ndinkawalota ndili ku sukulu ija sindinawafike. Msuweni anasamutsidwira ku sukulu ina, azakhali anachotsedwa pa utsogoleri wa amayi, ndipo pasanapite nthawi banja lonse linasamukira ku mpingo wina kumene sankawadziwa.

Lamulungu lomwe lija, kuchoka pa geti paja, amayi anasenza chikwama changa pamutu mpaka pokwerera basi. Mu minibasi ankangoyang'ana kunja, pa masitepe a ku Kabwata anatsogola osacheuka. Ine ndinkayembekezera kuti tikangotseka chitseko aseka, kapena andikumbatira, kapena anditcha mwana wa bambo ake. Ndinali nditakonzeka kuyamikiridwa.

Anatula chikwama, anatuma ang'ono anga kukatunga madzi, n'kukhala pa bedi. Kunkatentha. Anamasula chitenje chija, ndipo m'kati anali atavala buluku la jinzi, lachimuna, lalikulu, lomangidwa m'chiuno ndi chingwe. Ndinalizindikira kuti ndi la pa malonda. Amayi anga sanavalepo buluku chibadwire, ankati ndi chovala cha akazi opanda mwambo.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Azakhali ako anandiimbira foni," anatero akulimbana ndi mfundo ya chingwe. "Anandiuza zonse, sanabise. Anati iwe unditchula, ine ndipita kutsogolo, ndikagwa, nkhani yatha, ulemba mayeso. Ndiye ndinati ngati n'kugwa, ndigwe anthu osandionera za m'kati."

"Munavomera?"

"Ndinakugwedezera mutu kuti unene. Sunandione?"

"Akanakuthamangitsani pa msika. Akanati munapha bambo."

"Amanena kale," anatero. "Kugwa n'chiyani, mwanawe? Munthu amagwa n'kudzuka. Sukulu ija sudzaipezanso."

Mfundo inakana kumasuka. Ndinagwada n'kuimasula ndi mano, ndipo chingwecho chinali chitawasiyira mzere wofiira kuzungulira chiuno chonse. Analivula bulukulo, analikutumula, n'kulipinda bwinobwino kuti likagulitsidwe mawa lake. Kenako anayamba kulira, osati chifukwa cha azakhali, koma chifukwa cha ine.

Za buku ndikanatha kuiwala, za nsalu yonunkha ija ndi zaka zokolopa ndikanatha kuiwala. Koma kuti mayi anga anadzuka m'mawa, n'kusankha pa mulu wa salaula chovala choti agwe nacho pamaso pa anthu, chimenecho sindinawakhululukire azakhali. Akali moyo, akudwala shuga, ndipo chaka chilichonse amatuma munthu kudzandiuza kuti akufuna kuona mwana wa mlongo wawo asanafe. Sindinapiteko, ndipo sindipita.